Manambala a texture pa zithunzi za CT akusinthasintha, ndikhulupirire ati?

Wowerenga wina watilembera kuti: "Ndikuchita kafukufuku pa zotupa za m'chiwindi. Ndili ndi zithunzi za CT za odwala 62, ndipo ndikufuna kuona ngati maonekedwe a mkati mwa chotupa angathandize kusiyanitsa zotupa za khansa ndi zimene si khansa. Ndazungulira malire a chotupa chilichonse, ndayendetsa pulogalamu ya PyRadiomics, ndipo yanditulutsira manambala oposa 100 pa wodwala aliyense. Ambiri mwa iwo sindikudziwa chimene akuyeza. Zithunzizi zinachokera pa makina awiri, ndipo manambala ake akusiyana kwambiri. Chimene chandifooketsa n'chakuti nditasintha bin width kuchoka pa 25 kufika pa 10, muyeso umene unkasiyanitsa bwino magulu awiriwo unasiya kutero. Kodi ndalakwitsa penapake? Nanga ndigwiritse ntchito njira iti?"

Mtima ukhale m'malo, simunalakwitse. Umenewu ndiye khalidwe la miyeso imeneyi, ndipo mwachita mwayi kuti mwautulukira musanalembe zotsatira. Chofunika kuchigwira kuyambira pano n'chakuti manambala a texture, amene amafotokoza maonekedwe a mkati, amayeza chithunzi, osati chotupa. Chotupa chilimo m'chithunzimo, inde, koma mulinso makina amene anajambula, kukhuthala kwa slice (kagawo ka thupi kamene kamaoneka pa chithunzi chimodzi), nthawi imene mankhwala a contrast anafika m'chiwindi, dzanja la amene anazungulira malire, ndiponso zimene munasankha pa pulogalamu. Ntchito yanu yaikulu ndi kukhazika pansi zinazo kuti zisamagwedezeke, kuti kusiyana kotsalako kukhale kwa chotupa chenicheni.

Tiyambe ndi chimene manambalawo akuyeza. Mukayendetsa PyRadiomics pa chithunzi chosasefedwa, magulu onse atayatsidwa, mumapeza miyeso 107. Mwa imeneyi, 14 ndi ya kukula ndi kaumbidwe ka chotupa, choncho si texture. Ina 18 ndi ya first order, ndipo yotsala 75 ikuchokera m'matebulo asanu: GLCM, GLRLM, GLSZM, GLDM ndi NGTDM.

Ya first order ndi yosavuta. Imatola ma voxel (timadontho ta 3D topanga chithunzi) onse a mkati mwa malire n'kuwaunjika pamodzi mosasamala kuti iliyonse inali pati, kenako n'kuwerengera histogram, girafu yosonyeza kuti mulingo uliwonse wa kuwala ukupezeka kangati. Mean ndi kuwala kwapakatikati. Standard deviation ikusonyeza mmene kuwalako kwamwazikira. Skewness ikunena ngati histogram yapendekera mbali imodzi, monga pamene chotupa chili ndi kagawo kakang'ono kakuda kamene minofu inafa. Kurtosis imakwera ngati pali ma voxel ochepa otalikirana kwambiri ndi anzawo, ndipo entropy imakula pamene milingo ya kuwala ili yambiri komanso yogawana malo mofananako. Musaipeputse miyeso imeneyi. Pa CT imakhala ndi tanthauzo lomveka chifukwa Hounsfield unit (HU), nambala ya kuwala kwa voxel iliyonse, ndi muyeso wokhazikika: madzi ndi 0, mpweya ndi -1000, mafuta ali cha pa -100. Kufooka kwake n'kwakuti siiona malo.

Taonani tizithunzi tiwiri iti, kalikonse ka ma pixel 16, kokhala ndi milingo iwiri yokha ya kuwala. Koyamba:

1 1 2 2
1 1 2 2
1 1 2 2
1 1 2 2

Kachiwiri:

1 2 1 2
2 1 2 1
1 2 1 2
2 1 2 1

Monsemo muli ma 1 asanu ndi atatu ndi ma 2 asanu ndi atatu. Mean ndi 1.5 konsekonse, standard deviation ndi 0.5, entropy ya histogram ndi 1. Kwa first order tizithunzi timeneti n'tofanana ndendende, pamene maso akuona kuti kena n'kogawika pakati ndipo kena n'kamawangamawanga.

Apa m'pamene GLCM imalowera. Njirayi inafotokozedwa ndi Haralick, Shanmugam ndi Dinstein mu 1973, ndipo imawerenga ma pixel awiriawiri oyandikana. Tengani pixel iliyonse ndi mnzake wa kumanja kwake. Mzere uliwonse wa ma pixel 4 umapereka mapeyala 3, ndiye onse pamodzi ndi 12. M'kachithunzi koyamba, mapeyala 4 ndi 1 ndi 1, ena 4 ndi 1 ndi 2, otsala 4 ndi 2 ndi 2. M'kachiwiri, mapeyala onse 12 ndi a manambala osiyana. Muyeso wotchedwa contrast umatenga kusiyana kwa milingo iwiri ya peyala, n'kukuchulukitsa ndi iko komwe, kenako n'kupeza avereji pa mapeyala onse. Koyamba kakupereka 4 pa 12, ndiye kuti 0.33. Kachiwiri kakupereka 1. Tsopano tasiyanitsa. Miyeso ina ya GLCM ikuchokera m'tebulo lomwelo: homogeneity imakwera pamene oyandikana ali ofanana, energy imakwera pamene mitundu yochepa ya mapeyala ndiyo ikubwerezabwereza, correlation ikufunsa ngati kudziwa pixel imodzi kukuthandizani kulosera ya pafupi.

Bwererani ku kachithunzi koyamba kaja, koma ulendo uno muziyang'ana pixel ya pansi m'malo mwa ya kumanja. Contrast ikhala 0, pa chithunzi chomwecho. N'chifukwa chake mapulogalamu amawerengera mbali 4 pa slice imodzi, kapena mbali 13 ngati mukugwira chotupa chonse mu 3D, kenako n'kuphatikiza. Kaphatikizidweko kalinso pawiri: ena amawerengera muyeso pa mbali iliyonse n'kutenga avereji, ena amayamba aphatikiza matebulo onse kukhala limodzi. Mayankho ake safanana, choncho muzilemba njira imene mwatsata.

GLRLM, ya Galloway mu 1975, imawerenga utali wa mizere ya ma pixel ofanana otsatizana. Mopingasa, kachithunzi koyamba kali ndi mizere 8 ya utali 2, kachiwiri kali ndi 16 ya utali 1. GLSZM sisamala za mbali, imangowerenga zigawo zolumikizana za mulingo umodzi ndi kukula kwake. Chodabwitsa n'chakuti pa tizithunzi tathu tiwiriti GLSZM siona kusiyana kulikonse, chifukwa ma pixel okhudzana pa ngodya amatengedwa ngati olumikizana, ndiye konsekonse mukupeza zigawo ziwiri za ma pixel 8. Palibe tebulo limene limaona zonse. NGTDM, ya Amadasun ndi King mu 1989, imayerekeza pixel ndi avereji ya oizungulira, ndipo ndi kumene kumachokera coarseness ndi busyness. Palinso njira yoyamba mwasefa chithunzi ndi wavelet kapena Laplacian of Gaussian musanawerengere miyeso yomweyi. Ndi odwala 62, zosefazo zisiyeni kaye. Zikuchulukitsirani manambala kufika mazana ambiri popanda kukuwonjezerani wodwala ndi mmodzi yemwe.

Tsopano nkhani ya bin width, imene yakusowetsani mtendere. Tebulo la GLCM silingapangidwe pa manambala osaphika a chithunzi, chifukwa milingo ingachuluke kwambiri. Pulogalamu imayamba yaika ma voxel m'magulu, ndipo bin width ndi kukula kwa gulu lililonse. Nambala 25 imabwera kale mu PyRadiomics, koma sinasankhidwe chifukwa cha chiwindi. M'mapapo, mmene kuwala kumayambira pafupi ndi -1000 mpaka kupitirira 0, 25 imapereka magulu makumi angapo. Chotupa cha m'chiwindi chimene ma voxel ake ali pakati pa 40 ndi 120 chimangopeza magulu 4 basi. Ndi bin width ya 10 chimapeza pafupifupi 9. Ndiye simunasinthe kanthu kakang'ono ayi, munapanga chithunzi china.

Mbali zonse ziwiri zili ndi msampha. Magulu akachepa, kusiyana kwenikweni kwa mkati mwa chotupa kumafufutika. Akachuluka, mumayamba kuyeza noise, timadontho tachisawawa timene makina amabweretsa. Njira yodziwira malire ndi iyi: ikani kabwalo kakang'ono pamalo osalala, monga mkati mwa aorta kapena pachiwindi chabwinobwino popanda mitsempha, muone standard deviation yake. Ikakhala 12, ndiye kuti bin width ya 3 ikugawa noise m'magulumagulu n'kumaitcha texture. Palinso vuto la kuchepa kwa ma voxel. Milingo 64 imapanga tebulo la timabokosi 4,096. Chotupa cha ma voxel 200 chimapereka mapeyala osakwana 200 pa mbali iliyonse, ndiye timabokosi tambiri timakhala topanda kanthu ndipo totsalato tili ndi peyala imodzi kapena ziwiri. Zikatero entropy ya GLCM imangokwera limodzi ndi chiwerengero cha ma voxel. Mumaganiza kuti mwapeza kusakanikirana kwa mkati, pamene mwayeza kukula kwa chotupa m'njira yozungulira. Ngati zotupa za khansa m'gulu lanu zili zazikulu kuposa zinazo, muyeso wotero uoneka ngati wamphamvu kwambiri. Muyeso uliwonse umene mwaukonda muujambule pa girafu moyang'anizana ndi voliyumu musanausangalalire.

Malangizo anga ndi akuti pa CT mukhale pa bin width yokhazikika, osati chiwerengero chokhazikika cha magulu, chifukwa gulu lililonse limakhala ndi tanthauzo lofanana kwa odwala onse. N'chimodzimodzi ndi PET pamene mukugwiritsa ntchito SUV. Pa MRI zinthu n'zosiyana, popeza manambala a T1 kapena T2 alibe muyeso wokhazikika. Kumeneko mumayamba mwakonza kusawala mofanana kwa chithunzi ndi N4, n'kulinganiza milingo ndi z-score, kapena mumagwiritsa ntchito chiwerengero chokhazikika monga magulu 32 kapena 64. Kwa inu, onani pamene ma voxel a zotupa zonse akuyambira ndi pamene akuthera, yerekezani ndi noise, sankhani nambala imodzi, muilembe, ndipo muchite zimenezi musanayang'ane kuti ndi iti imene ikupereka p yokoma, nambala imene ikachepa timati kusiyana kwa magulu n'kovuta kuchitika mwamwayi chabe. Kuyesa 5, 10 ndi 25 n'kwabwino ngati cholinga ndi kuona miyeso imene ikupirira. Kuyesa zonsezo n'kulengeza imene yapambana yokha ndi kudzinamiza. Muyeso wanu uja umene unagwa mutangosintha bin width wakuuzani kale kuti si wodalirika, usiyeni upite.

Za makina awiri. Tsegulani DICOM header, gawo la fayilo ya chithunzi losunga mmene chinajambulidwira, ya wodwala aliyense, mulembe m'tebulo zinthu izi: wopanga makina, slice thickness, pixel spacing, convolution kernel, kVp, ndi phase ya contrast. Kawirikawiri yankho limaonekera pomwepo. Kernel ndi sefa imene makina amagwiritsa ntchito popanga chithunzi: yakuthwa imakweza noise ndi contrast ya GLCM, yosalala imazitsitsa. Iterative reconstruction imasintha kaonekedwe ka noise yeniyeniyo poyerekeza ndi filtered back projection (zonsezi ndi njira zimene makina amapangira chithunzi). Slice ya 5 mm imasakaniza minofu yambiri mu voxel imodzi, choncho imaoneka yosalala kuposa ya 1 mm. Ndipo chotupa chimodzi chojambulidwa mu arterial phase, masekondi 30 mpaka 40 chibayireni mankhwala, sichifanana ndi chomwecho mu portal venous phase, cha pa masekondi 60 mpaka 70. Musasakanize ma phase mu kuwerengera kumodzi. Ndingowonjezerapo kuti ngati zina mwa zithunzi zanu munazilandira ngati JPEG kapena munazijambula pa sikirini, n'zosagwiritsika ntchito. Zatsala ndi milingo 256 yokha, window yadula kale manambala a kunja kwake, ndipo kupanikiza kwa fayilo kwabweretsa texture yakeyake.

Kukula kwa voxel kumafuna chisankho. Mtunda wa 1 mu GLCM ndi voxel imodzi, osati milimita imodzi. Voxel ya 0.7 ndi 0.7 ndi 5 mm ikutanthauza kuti woyandikana naye wa m'mbali ali pa 0.7 mm pamene wa pamwamba ali pa 5 mm, ndiye kuphatikiza mbali 13 pamenepo kulibe nzeru. PyRadiomics siichita resampling yokha ngati simunaiuze. Ngati ma slice anu ndi opyapyala, 1 mpaka 2 mm, sinthani zithunzi zonse kuti voxel ikhale yofanana mbali zonse. Ngati ndi a 5 mm, kuwakakamiza kukhala 1 mm kumangopeka ma slice anayi pa asanu alionse, osalala monyenga. Pamenepo ndi bwino kulinganiza pixel spacing yokha n'kuwerengera mu 2D, slice ndi slice.

Musanachite china chilichonse pa makinawa, werengani kuti odwala khansa ndi angati pa makina oyamba ndi angati pa achiwiri. Ngati ambiri a khansa anajambulidwa pa amodzi ndipo ambiri opanda khansa pa enawo, model yanu iphunzira kuzindikira makina, n'kumaoneka ngati ikuzindikira matenda. Palibe masamu amene angakonze bwinobwino vuto limenelo. Ngati magulu agawana mofananako, pali ComBat, njira imene inayambira ku kafukufuku wa majini mu 2007, imene imalinganiza pakati ndi kumwazika kwa muyeso uliwonse pakati pa makina. Imafuna odwala pafupifupi 20 mpaka 30 pa makina alionse, ndiye inu muli m'malire penipeni. Njira yophweka yoyambira nayo ndi kuyeza malo ofanana abwinobwino, monga kapamba, mwa odwala onse. Muyeso umene ukusiyana kwambiri pakati pa makina awiri pa chiwalo chopanda matenda ukuyeza makina.

Malire a chotupa nawonso amagwedeza manambala kuposa mmene ambiri amaganizira. Ma voxel a m'mphepete ndi osakanikirana, theka chotupa theka chiwindi kapena mafuta, ndipo ochepa chabe a mafuta a -100 amakoka skewness, kurtosis ndi contrast. Chepetsani malire ndi voxel imodzi kulowa mkati, kapena ikani resegmentation range yotaya ma voxel amene sangakhale a chotupa. Kenako pemphani munthu wachiwiri azungulire zotupa 20 kapena 30 osaona zanu, muwerengere intraclass correlation coefficient, nambala yosonyeza mmene zotsatira za anthu awirinu zikugwirizanira, pa muyeso uliwonse. Yotsika pansi pa 0.75 itayeni. Ena amakhwimitsa mpaka 0.9.

Tifike pa chiwerengero cha odwala, pamene kafukufuku wambiri wa mtundu uwu amagwera. Mukayesa miyeso 107 umodziumodzi pa p yochepera 0.05, pafupifupi 5 ikhoza kuoneka yofunika mwamwayi chabe, ngakhale patakhala kuti palibe kusiyana kulikonse. Ngati mukuyesa umodziumodzi, konzani ndi njira ya Benjamini ndi Hochberg. Komanso miyeso 107 si nkhani 107. Yambiri ikunena chinthu chimodzi m'mawu osiyana. Werengerani Spearman correlation pakati pa yonse, ndipo pamene iwiri yapitirira 0.9 sungani umodzi, makamaka umene mungathe kuufotokoza kwa dokotala. Mulingo umene anthu amayendera ndi wakuti muyeso uliwonse wolowa mu logistic regression ukhale ndi odwala osachepera 10 a m'gulu laling'ono. Ngati mwa 62 aja 25 ndi a khansa, muli ndi malo a miyeso iwiri, mwina itatu. Zikumveka zochepa, koma ndi zimene deta yanu ingasenze.

Mukafuna kuti LASSO, njira ya masamu yosankhira miyeso, ikusankhireni, kusankhako kuchitike mkati mwa cross-validation (kugawa odwala m'zigawo zotchedwa fold, n'kumaphunzitsa model pa zina ndi kuiyesa pa chotsala), pa fold iliyonse payokha. Cholakwika chofala kwambiri ndi kusankha miyeso yabwino pa odwala onse, kenako n'kuchita cross-validation pa yosankhidwayo. AUC, nambala yosonyeza mmene model ikusiyanitsira magulu awiriwo, imatuluka yokongola, koma odwala oyesera anali atathandiza kale kusankha, ndipo pa zithunzi zatsopano imagwa. N'chimodzimodzi ndi z-score ya miyeso: mean ndi standard deviation zichokere ku gawo lophunzitsira lokha. Ngati wodwala mmodzi ali ndi zotupa zingapo, kapena mukugwiritsa ntchito ma slice angapo a munthu mmodzi, zonse za munthuyo zikhale mbali imodzi, zisagawike pakati pa kuphunzitsa ndi kuyesa. Pangani kaye model yosavuta ya voliyumu, mean HU ndi zaka za wodwala. Funso loyenera si lakuti texture ikusiyanitsa magulu kodi, koma lakuti ikuwonjezera chiyani pamwamba pa zinthu zitatuzi, zimene aliyense angayeze popanda pulogalamu yapadera. Polemba AUC muziika confidence interval yake, ndipo musadabwe ikatuluka yotambalala.

Mukanena kuti mugwiritse ntchito njira iti, ine ndingayambe ndi first order ndi GLCM, ndi miyeso yochepa yosankhidwa pasadakhale pa chifukwa chomveka, monga standard deviation, skewness, contrast ndi joint entropy. Matanthauzo a miyeso mutenge a IBSI, gulu limene linagwirizanitsa maina ndi masamu a miyeso imeneyi n'kufalitsa zotsatira zake mu 2020, chifukwa dzina limodzi ngati homogeneity lakhala likutanthauza masamu osiyana m'mapulogalamu osiyana. Chitsanzo chaching'ono: kurtosis ya PyRadiomics siichotsera 3, pamene ya IBSI imachotsera, choncho manambala awiriwo amasiyana ndi 3 pa chithunzi chomwecho. Sungani fayilo ya ma parameter ndi nambala ya version ya pulogalamu pamodzi ndi zotsatira zanu.

Pali malo atatu pamene simuyenera kuyenda nokha. Mukapeza kuti kernel kapena reconstruction ikusiyana pakati pa makina, lankhulani ndi medical physicist. Iye angajambule phantom imodzi, chinthu chopangidwa choyesera makina, pa makina onse awiri kuti muone miyeso imene ikusintha, ndipo nthawi zina angakuuzeni ngati pali zithunzi za slice yopyapyala kapena kernel ina zimene zinasungidwa. Malire a zotupa aonedwe ndi dokotala wowerenga zithunzi, makamaka pamene chotupa chikufanana kuwala ndi chiwindi kapena chagundana ndi mtsempha. Katswiri wa ziwerengero mumuone panopa, musanayendetse model, ndipo mupite ndi tebulo losonyeza odwala a gulu lililonse pa makina alionse komanso mmene matenda anatsimikizidwira, kaya ndi biopsy kapena kutsatira wodwala kwa nthawi. Ngati zotupa zina zinangotchedwa zosaopsa chifukwa cha mmene zinaonekera pa CT yomweyo, mumuuze zimenezo, chifukwa ndiye kuti mukuyesa chithunzi ndi yankho lochokera m'chithunzi chomwecho. Ndipo kufikira model itayesedwa pa odwala a chipatala china, pa makina ena, nambala yake isalowe mu lipoti la wodwala kapena kukhala chifukwa chosiyira biopsy.